Dzina la Pakhomo ndi Dzina la M'kaundula

Inu ana anga amene mukudikira mwana woyamba, ndikudziwa kuti ambiri mwa inu dzina muli nalo kale mumtima, ndipo mukamacheza awiriwiri mumalitchula mwachidule: Thoko, Mada, Yami, Tiya. Limakoma pakamwa, limamveka lachikondi, ndipo palibe cholakwika kuitana mwana choncho. Pempho langa ndi lakuti pa tsiku lolembetsa mwanayo mudzatchule dzina lonse: Thokozani, Madalitso, Yamikani, Tiyamike. Lachidulelo musade nalo nkhawa. Lidzabwera lokha mwana asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo silisowa chidindo cha boma kuti likhalepo.

Makolo athu nkhani imeneyi sinkawavuta chifukwa dzina silinali chinthu chomatirira pa munthu mpaka kumanda. Mwana ankakhala m'chikuta ndi mayi ake kufikira mchombo utagwa, kenako akuluakulu n'kumutcha dzina. Limenelo linali la paubwana. Mnyamata akalowa kudambwe kapena kujando ankatulukako ndi dzina lina, ndipo kumuitana ndi lakale lija kunali kumunyoza, mwinanso mlandu. Ku ubatizo kunkabwera lina. Kusukulu aphunzitsi ena ankangosankhira mwana dzina lachizungu tsiku loyamba. Choncho ngati dzina la paukhanda linali lachibwana, munthu ankalisiya m'njira popanda womufunsa.

Nthawi imeneyo inapita. Kuyambira mu 2015 lamulo la dziko lino limafuna kuti mwana aliyense wobadwa alembedwe m'kaundula, ndipo ntchitoyi imayambira kuchipatala komweko. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu opitirira 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo kuti alandire chiphaso cha unzika. Lero chiphasocho n'chimene chimafunika polembetsa nambala ya foni, potsegula akaunti ku banki, polembetsa kuvota, pogula feteleza wotsika mtengo ndiponso popempha pasipoti. Mwana wanu adzakulira m'dziko limene kompyuta ndiyo imamuzindikira, ndipo kompyuta sidziwa kuti Thoko ndi Thokozani ndi munthu mmodzi.

Ndinakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa, ndipo mmene vutoli limayambira ndinkaliona chaka ndi chaka. Tiyerekeze mwana wamkazi wabadwa usiku. M'mawa anamwino akufunsa dzina, mayi ali wotopa, bambo palibe, ndipo mayi akuyankha ndi dzina limene wakhala akulinong'ona miyezi yonseyi: Thoko. Buku la kusikelo lalemba choncho. Pa ubatizo agogo akutchula lonse, Thokozani, ndipo khadi la kutchalitchi lalemba limenelo. Polowa sitandade 1 wapita naye ndi mkulu wake, amene akudziwa dzina la pakhomo lokha. Pofika sitandade 8 mtsikanayo wakula, akufuna kumveka wamkulu, ndipo pa fomu ya mayeso a MANEB walemba yekha Thokozani. Palibe wanama pamenepa, palibenso woipa mtima. Koma tsiku limene adzafunsire malo ku koleji, ngongole ya sukulu kapena ntchito kunja kwa dziko, mapepala ake adzaoneka ngati a anthu awiri. Adzauzidwa kuti akalumbire pamaso pa majisitireti kapena loya, abwere ndi kalata, adikire. Kwa wokhala m'tauni ndi tsiku lotayika pa mzere. Kwa mwana wa kumudzi ndi ndalama ya basi yopita kuboma maulendo angapo, mwina nkhuku kapena thumba la chimanga kugulitsidwa, ndipo nthawi zina tsiku lotsekera kulandira makalata limadutsa iye akadali m'njira. Ana olira mu ofesi ya ahedi pa chifukwa chimenechi ndinawaona, ena mwa iwo anzeru kwambiri m'kalasi. Zinkandipweteka chifukwa cholakwacho chinachitika iwo asanadziwe n'komwe kutchula dzina lawo.

Mwina munganene kuti mankhwala ake n'kungolemba Thoko paliponse, osasintha. N'zoona, ndipo zimenezo n'zabwino kuposa mayina awiri. Koma ganizirani kuti ukhanda ndi wa miyezi yowerengeka, pamene ukulu ndi wa zaka 50 kapena 60. Amene mukumutcha dzinayu mukumuona ali m'manja, koma adzakhala mphunzitsi, namwino, mkulu wa mpingo, nyakwawa, apongozi a munthu. Mayi wanzeru akamasoketsa yunifolomu ya mwana wa sitandade 1 amauza telala kuti ikhale yokulirapo, apinde m'munsi, chifukwa yaikulu imapindika pamene yothina ilibe pokulitsira. Mukalembetsa Madalitso, mwanayo ali ndi mayina awiri m'manja mwake: anzake adzamuti Mada, ndipo pa kalata yofunsira ntchito adzalemba lonse. Mukalembetsa Mada mwamusankhira kale, ndipo akadzafuna lathunthulo adzayenera kulipempha ku ofesi ndi ndalama.

Dziko la America linakhalapo ndi mtsogoleri amene dziko lonse lapansi linkamudziwa kuti Jimmy Carter, ndipo mu 1977 analumbira pa udindowo ndi dzina lachidule lomwelo. Koma makolo ake anamulemba James Earl Carter. Anasankha yekha kukhalabe Jimmy ali munthu wamkulu wodziwa chimene akufuna. Ufulu umenewo ndi umene ndikukupemphani kuti mumusiyire mwana wanu.

Palinso china chimene chimatayika tikadula mayina athu. Ambiri mwa iwo ndi mawu amene banja likulankhula kwa anthu kapena kwa Mulungu. Thokozani akuuza mudzi wonse chochita. Tiyamike ndi kuitana abale kuti ayamike nanu. Alinafe amatchedwa ndi anthu amene adutsa m'zowawa n'kuona kuti sanasiyidwe okha. Chikumbutso nthawi zambiri amabadwa pambuyo pa maliro a munthu wokondedwa. Mwana akadzakufunsani chifukwa chimene munamutchira choncho, ndipo adzafunsa ndithu, yankho lake lili m'dzina lathunthu. Chiku kapena Ali alibe nkhani yoti mumufotokozere. Pakhomo muitaneni mmene mukufunira, koma penapake pakhale polembedwa mawu onse amene munanena tsiku limene anabwera.

Sindikunena kuti dzina lililonse lalifupi n'loperewera. Mwayi, Mphatso, Chisomo, Tadala, Ufulu ndi mayina athunthu, sanadulidwe ku china. Ngakhale dzina lomveka laling'ono limatha kusenza munthu wamkulu. Kamuzu ndi dzina lochepetsa, ndipo zimanenedwa kuti mtsogoleri woyamba wa dziko lino anatchedwa choncho chifukwa cha mankhwala a mizu amene mayi ake anamwa asanakhale ndi pakati. Pa ubatizo anatenga dzina la Hastings, koma lero bwalo la ndege ku Lilongwe, chipatala chachikulu cha mumzindawo ndi bwalo la mpira ku Blantyre zonse zikutchedwa Kamuzu. Dzinalo linalimba chifukwa linali ndi mbiri yakeyake, silinali chidutswa cha dzina lina.

Inu amene muli ku Britain mukuona ana ambiri akulembetsedwa Alfie, Charlie kapena Freddie, ndipo ngakhale mwana wa Prince Harry wobadwa mu 2019 analembedwa dzina lachidule lakuti Archie. Kumeneko mayinawa anazolowereka, palibe amadabwa nawo. Ngati mwalikondadi dzina lotero mpaka Alfred kapena Charles sakukusangalatsani n'komwe, musadzikakamize kulemba dzina limene simudzalitchula. Lembani lomwe mwakondalo, muime nalo pa pepala lililonse. Koma mudzifunse moona mtima ngati mukulikonda chifukwa likukhalira khanda lokha, kapena lingakhalirenso munthu wa imvi atakhala pa mpando pa chinkhoswe cha mdzukulu wake kumudzi. Funso lomwelo ndi la inu amene mukufuna kulemba Junior kapena Baby m'kaundula. Amenewo ndi mayina oitanira podikira dzina, ndipo mwana amene wangosiyidwa nawo amakula ngati makolo ake sanamalize kumuganizira.

Mukasankha dzina lathunthu, lidulenitu nokha muone chimene chitsale, chifukwa anzake kusukulu adzalidula osakupemphani. Takondwa ndi dzina lokongola, koma likadulidwa pakati limayandikana ndi mawu amene ana amaseka nawo. Mavuto akadulidwa amasanduka Mavu. Sindikuti muwataye mayinawa. Ndikuti mudziwiretu, ndipo ngati chidule chake sichikukukomerani muyambe inuyo kumuitana ndi china chabwino mwana akadali wamng'ono, chifukwa dzina limene mayi ndi abale ake azolowera ndilo limapita naye kusukulu. Kumbukiraninso kuti inuyo mudzalisenza. Kuyambira tsiku lomutcha dzinalo dzina lanu lidzayamba kuzilala, mudzakhala bambo a uje, mayi a uje, pachitsime, kumsika ndi kumaliro, mpaka kukalamba.

Mayina ena osangalatsa kwambiri sachokera kwa makolo n'komwe. Amene anagoletsa chigoli chija cha patali polimbana ndi Morocco mu Januwale 2022 ku Cameroon tonse timamutcha Gabadinho, ena amangoti Gaba, koma ndi Hellings Frank Mhango. Dzina lotchukalo linamveka chifukwa cha miyendo yake pabwalo. Mwana wanunso adzapeza lake, kumpira, kukwaya kapena kuntchito. Inu mupatseni loyambira lolimba.

Vuto lina limabwera pamene akuchimuna atcha dzina lawo, akuchikazi lawonso, inu muli ndi lanu lachitatu. Musakane akuluakulu, kutcha mdzukulu dzina ndi ulemu umene amauyembekezera. Koma musalole kuti mwana akhale ndi dzina lina akapita kwa agogo a uku, linanso kwa agogo a uko, kenako lililonse n'kulowa pa pepala lakelake. Khalani pansi ndi ankhoswe kapena amalume, mugwirizane loyamba ndi lachiwiri, onse alembedwe pa chiphaso chimodzi mu ndondomeko imodzi. Ndikudziwa kuti m'mabanja ena kutchula dzina la mwana asanabadwe n'kosaloledwa, amati n'kuputa tsoka. Simukuyenera kulengeza. Awiri inu mugwirizane mwakachetechete, ndipo ngati mwambo wa kwanu ndi wodikira mchombo ugwe, auzeni anamwino kuti dzina mubwera nalo, kusiyana n'kutchula loyembekezera limene lidzatsalire m'buku.

Dzinalo likagwirizanidwa, lilembeni pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, mupatse amene akudikirira mayi kuchipatala, chifukwa kawirikawiri ndi iyeyo amene amayankha mafunso a anamwino. Fomu ikadzazidwa muiwerenge musanasaine. Yang'anani chilembo chilichonse: Thokozani ali ndi h, Mavuto ena amalemba Mabvuto, ndipo l ndi r amasinthanitsidwa kawirikawiri ndi olemba mothamanga. Tsiku lolembetsa sukulu mupite nokha ndi chiphaso cha kubadwa m'manja, aphunzitsi akopere pamenepo osati kufunsa mwana. Ndipo chiphasocho chikatuluka ndi chilembo cholakwika, musachiike m'sutikesi n'kunena kuti tidzaona akakula. Bwererani nacho mwezi womwewo, pamene cholakwacho chili pa pepala limodzi lokha ndipo amene analemba akadali pa desiki pomwepo.