Phunziro 17: Munda ndi Banja

Anzathu, lero tiwerenga za ntchito ya chaka chimodzi. Si ntchito ya khasu ayi. Ndi ntchito yokonza mabanja.

Ife ndife aphungu a mabanja m'koperativa yathu, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete. Tilipo amayi ndi abambo. Ena mwa ife ndi ankhoswe akale, ena ndi akulu a mpingo. Anthu adatisankha pamsonkhano poimika manja. Sitilandira ndalama, nkhuku, ngakhale chipanda cha mowa. Timakumana Loweruka masana pansi pa mkuyu, kuseri kwa nyumba yosungiramo mbewu, kuti odutsa m'njira asamve.

Nanga koperativa ikhalirenji ndi aphungu? Chifukwa banja likakangana usiku, m'mawa mizere yake imagona. Mkazi akathawira kwa amake, udzu sudikira kuti abwere.

Chaka chathachi chidatiphunzitsa kuti mikangano ya m'banja ili ndi nyengo zake, monga mbewu. Wodziwa nyengo amakonzekera. Tiyeni tiyende nacho chaka chonse.

NYENGO YA KUBZALA

Mu Novembala ndi Disembala mvula yoyamba imagwa. Mkangano wa nyengo iyi ndi wa munda. Mwamuna afuna fodya chifukwa cha ndalama. Mkazi afuna chimanga ndi nyemba chifukwa cha ana.

Kudabwera mkamwini wina. Mvula idali itagwa kawiri, koma iye adali asadagwire khasu. Tidamufunsa chifukwa chake. Iye adati: "Mundawo ndi wa akazi anga ndi amalume awo. Tsiku lina adzandiuza kuti nyamula bulangete lako, uzipita. Ndivutikirenji?"

Mkazi wake adayankha: "Abambo a ana, nanga nsima mumadyayi imachokera m'munda wa yani?"

Tidaona kuti si ulesi ayi, koma mantha. Mantha omwewo amagwira mkazi amene ali pachitengwa. Tidaitana ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi. Pamaso pawo adagwirizana kuti zokolola ndi za onse awiri, popeza thukuta ndi la onse awiri. Tidawakumbutsanso kuti Lamulo la Nthaka la 1997 lidapatsa amuna ndi akazi ufulu wofanana wogwiritsa ntchito nthaka. Banjalo lidabzala mochedwa ndi sabata imodzi, koma lidabzala.

NYENGO YA KUPALIRA NDI NJALA

Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi yowawa. M'nkhokwe mwatsala zitsononkho zokha. Chimanga cham'munda sichidakhwime. Anthu amapita ku ganyu, minda yawo n'kumera udzu. Pakhomo pamene palibe ufa, mawu amatuluka ndi minga.

Apa ndi pamene ife aphungu tidalakwa, ndipo sitibisa.

Kudabwera mayi wina diso litatupa. Adati amuna awo adawamenya chifukwa chofunsa za ndalama ya ganyu. Ife tidagawanika. Ena adati: "Tiwaperekeze kuchipatala." Koma ambiri adati: "Banja ndi kupirira. Mayi, bwererani kunyumba, tidzawalangiza abambowo." Tidawalangizadi. Bamboyo adavomera zonse, mutu uli pansi.

Patapita masabata awiri mayi aja adabweranso, mkono utathyoka. Sadapalirenso chaka chimenecho. Munda wawo udasanduka tchire, ndipo ana awo adadya kwa achibale.

Tidakhala pansi ndi manyazi. Tidawerenga lamulo pamodzi, pang'onopang'ono, mmene tikuwerengera pano. Lamulo nambala 29 la chaka cha 2009 likuti kumenya mkazi m'banja ndi mlandu. Si nkhani ya anthu awiri okha, ndi mlandu wa boma. Kuyambira tsiku limenelo tidapangana kuti womenyedwa tizimuperekeza kuchipatala choyamba, kenaka kupolisi, ku ofesi yothandiza mabanja ndi ana. Nkhoswe imakonza mkangano wa pakamwa. Chibakera ndi ndodo sizikonzedwa pansi pa mkuyu.

Mlimi amadziwa kuti chimanga chipaliridwe pasanathe masabata atatu chimerere. Akachedwa, udzu umadya chakudya cha mbewu. Mkangano uli chimodzimodzi. Uzulidwe ukadali waung'ono.

M'nyengo yomweyi tidamva kuti banja lina lifuna kukwatitsa mwana wa zaka 15 kwa munthu wamalonda. Munthuyo adalonjeza matumba a chimanga. Tidapita awiri, mayi ndi bambo. Atate ake a mwanayo adati: "Mukufuna tife ndi njala tonse?" Sitidawakalipire, pakuti njalayo idali yoona. Tidawauza kuti Lamulo nambala 19 la chaka cha 2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Wokwatira ali ndi mlandu, wokwatitsa nayenso ali ndi mlandu. Kenaka tidapempha koperativa kuti ibwereke banjalo chimanga mpaka masika. Idavomera. Mwanayo akadali pasukulu. Aliyense woona zotere angathenso kuimba foni yaulere ya ana pa nambala 116.

NYENGO YA KUKOLOLA NDI KUGULITSA

Tinkaganiza kuti chakudya chikachuluka tidzapuma. Ayi ndithu! Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti anthu adabwera ambiri kuposa nthawi ya njala. Mkangano wa nyengo iyi ndi wa ndalama.

Bambo wina adapita ku Ulongwe kukagulitsa mbatata ya kachewere. Adagona kumeneko masiku atatu. Adabwera ndi wailesi ndi fungo la mowa basi. Mkazi wake adafunsa: "Ndalama zili kuti?" Iye adati mitengo idali yoipa. Koma mayiyo nayenso adali ndi chake chobisa. Ankatapa chimanga m'nkhokwe n'kumagulitsa mobisa kuti agule mchere ndi sopo. Aliyense ankati mnzake ndi wakuba.

Mankhwala a matenda awa tidawapeza m'sukulu yathu yomwe ino. Onse awiri adali ataphunzira kulemba. Tidawapatsa kope limodzi ndi pensulo. Tidati: "Lembani matumba amene mwakolola. Lembani amene mwasunga kuti mudye mpaka chaka chamawa. Lembani a mbewu. Otsalawo ndiwo ogulitsa. Mukagulitsa, lembani mametikali amene mwalandira." Poyamba bamboyo adanyinyirika. Koma ataona kuti kope likuwerenganso za mkazi wake, adaseka navomera.

Pamsonkhano wa Julayi tidapempha kuti koperativa ikamalipira banja, mwamuna ndi mkazi azikhalapo onse awiri. Padali phokoso. Bambo wina adaimirira nati: "Mutu wa banja ndi mwamuna!" Mayi wina wachikulire adamuyankha: "Mwana wanga, mutu umodzi susenza denga." Tidakumbutsa msonkhano kuti Lamulo la Mabanja la 2004 lidati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana m'banja. Manja ambiri adakwera. Lero onse awiri amasaina. Amayi amene kale ankadinda chala pa pepala osadziwa zolembedwapo, tsopano amayamba awerenga.

NYENGO YA DZUWA

Mu Seputembala ndi Okutobala anthu amathirira kudimba ndi kugalauza mizere. Ife timayendera mabanja amene tidawathandiza. Mkamwini uja tidamupeza akufolera nkhokwe yatsopano. A kope lija tidawapeza atagula malata anayi.

Koma si onse adagwirizana. Banja la mayi wothyoka mkono lidatha. Sitidawakakamize kuti abwererane. Nkhani ya katundu ndi chakudya cha ana idapita ku bwalo la milandu. Mayiwo adachira, ndipo chaka chino ali ndi mizere yawoyawo m'munda wa koperativa.

MALAMULO ATHU ASANU

1. Timamva mbali zonse ziwiri, aliyense payekha, kenaka pamodzi.
2. Zomveka pansi pa mkuyu sizipita kuchitsime kapena kumowa.
3. Mlandu wa m'bale wathu weniweni timasiyira anzathu.
4. Womenyedwa sitimubweza kwa womumenya.
5. Ankhoswe a banja sitiwalanda ntchito. Timagwira nawo pamodzi.

TIWERENGE MOKWEZA

nkhoswe, ankhoswe
phungu, aphungu
nkhokwe, nkhani, nkhanza
mlandu, mlimi, mlamu

MAFUNSO

1. Mkamwini uja adalekeranji kulima?
2. Aphungu adalakwa chiyani mu Januwale?
3. Kodi mwana wa zaka 17 angakwatiwe? Likutero ndi lamulo la chaka chiti?
4. M'mudzi mwanu, mabanja amakangana kwambiri m'miyezi iti? Chifukwa chiyani?

MASAMU

Banja lina lakolola matumba 24 a chimanga. Lasunga matumba 15 a chakudya ndi thumba 1 la mbewu. Labweza matumba 2 amene lidabwereka ku koperativa. Kodi latsala ndi matumba angati ogulitsa?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Madzulo ano, mutatha kudya, khalani pansi ndi akunyumba kwanu. Tengani kope. Pamwamba pa tsamba lembani maina anu awiri. Pansi pake lembani mbewu zimene mudzabzale chaka chino, ndi mizere ya mbewu iliyonse. Ngati mmodzi sadziwa kulemba, winayo amugwire dzanja. Mubwere nalo kope pa phunziro lotsatira, pamene tidzaphunzira za kuteteza chimanga kwa anankafumbwe.