Mthunzi wa pa geni: chisakasa, ambulera kapena lona?

Kwa Kasisi dzuwa la mu Okutobala silidikira 12 koloko. Ikamati 9 koloko m'mawa, mpiru umene unathyoledwa kudimba mbandakucha umakhala utayamba kale kufota, ndipo pofika masana tomato amene anali wolimba amafewa ngati wagona masiku atatu. M'chigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Wogula akaona ndiwo zofota sachulutsa mawu, amangoti "tsitsaniko mayi," ndipo mayiwo amatsitsadi podziwa kuti mawa katunduyo ndi wa mbuzi. Ndalama yotayika chonchi sioneka, chifukwa situluka m'thumba. Imangolephera kulowa.

Choncho mthunzi ndi gawo la mpamba, ngati sikelo kapena njinga. Funso loyamba kwa wofuna kuugula si mtengo wake ayi, koma lakuti geni yake ndi yokhazikika kapena yoyenda.

Kwa amene amakhala pamalo amodzi chaka chonse, palibe choposa chisakasa cha udzu, bango kapena mlaza. Denga lotere silisunga moto wa dzuwa ndipo mpweya umadutsa, n'chifukwa chake pansi pake pamazizira kuposa pansi pa malata. Adani ake ndi atatu: chiswe, moto ndi mvula. Chiswe amachichedwetsa powaula kumunsi kwa mphanda asanazike, kapena popakako oyilo wakale wa galimoto. Mvula amaithetsa poyala pepala la pulasitiki pansi pa udzu, osati pamwamba, kuti dzuwa lisalipeze. Koma moto ulibe mankhwala: wa chiwaya cha chipisi kapena wowotcha kanyenya asayandikize mbaula ku denga la udzu, ndipo anzake oyandikana naye ali ndi ufulu womuuza zimenezi. Wofuna malata akweze denga ndi kumangirira mphasa kunsi kwake, apo ayi wamanga uvuni. Ndipo asanakumbe dzenje loyamba akambirane ndi woyang'anira msika wa khonsolo, komanso apewe malo a m'mphepete mwa msewu, poti zomangidwa pamenepo zimagwetsedwa tsiku lina lililonse.

Nkhani imasintha kwa amene lero ali kwa Kasisi, tsiku lina pa Dyeratu, lina ku Nchalo. Mthunzi wake uyenera kukwera njinga kapena lole pamodzi ndi belo la kaunjika. Galimoto za alendo opita ku Majete zimadutsa zitanyamula chinsalu chokulungidwa m'mbali mwa denga; akaima amachifunyulula, n'kuimika timitengo tiwiri, mthunzi wapezeka. Zida zawozo ndi zodula, koma nzeru yake ndi yaulere: mbali imodzi ya mthunzi imangiriridwe ku chinthu cholimba chimene chilipo kale, kaya ndi galimoto, khoma kapena mtengo, ndiye mitengo yonyamula imatsala iwiri basi.

Ambulera yaikulu imakwanira wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi wa mandasi wa beseni limodzi. Imatseguka msanga, koma mthunzi wake ndi wochepa ndipo umathawa dzuwa likamapendeka. Kukabwera kamvuluvulu, ndi yoyamba kuuluka. Tsinde lake likhale m'chidebe cha mchenga kapena cha simenti. Kwa wa katundu woyala pansi, ambulera ndi kutaya ndalama.

Ambiri ndiye amathera pa lona, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsika. Malona onse amaoneka olimba akadali opindidwa m'sitolo. Woyesa weniweni ndi dzuwa lomwelo: wogula afunyulule ngodya imodzi n'kuyang'ana kumwamba kudzera mu lonayo. Kuwala kukamadutsa ngati pa sefa, ndiye kuti ulusi wake ndi wotalikirana ndipo kutentha kudzadutsanso. Pa malona ena pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi zilembo GSM, kutanthauza kulemera kwa mita imodzi mbali zonse. Nambalayo ikakula, lona ndi wokhuthala. Popanda cholembedwa, dzanja limauza: mwa malona awiri ofanana kukula, wolemera ndiye wabwino. Aonenso m'mphepete. Lona wabwino amakhala wopindidwa kawiri m'mbali, nthawi zina muli chingwe m'kati, ndipo timphete ta mabowo ake sitigwedera.

Chimapha lona wa pulasitiki si mvula koma dzuwa. Amayamba kutuwa, kenako amauma n'kumayoyoka ngati gaga, tizidutswa take n'kumagwera mu ufa ndi mu usipa. Amene analandira malona a chithandizo namondwe wa Ana atawononga mu Januwale 2022, kapena wa Freddy mu Malichi 2023, anaona kusiyana kwake: malona amenewo amapangidwa kuti apirire dzuwa, ndipo amakhalitsa kuposa opepuka a buluu aja.

Mtundu nawo uli ndi ntchito. Pepala lakuda limamwa kutentha n'kukutsitsira pa katundu ndi pa mwini wake yemwe. Lona woyera kapena wa siliva pamwamba amabweza dzuwa. Palinso china chimene ambiri saganizira: kuwala kodutsa mu lona kumasintha maonekedwe a katundu. Pansi pa lona wa buluu tomato amaoneka wotumbuluka ndipo nyama sikopa maso. Wa zitenje ndi kaunjika amavutika koposa, chifukwa wogula amatuluka ndi chovala padzuwa kuti akaone mtundu weniweni, ndipo si onse amene amabwerera nacho.

Za mtengo, kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wochokera kunja sakhazikika mtengo, kotero chofunika ndi njira yowerengera. Mtengo wa lona ugawidwe ndi masiku a msika amene adzagwire ntchito. Mongoyerekeza, munthu wopita kumsika kawiri pa sabata akagula lona wa K15,000 amene atha m'miyezi inayi, wagwiritsa ntchito masiku pafupifupi 34, ndiye kuti K440 pa tsiku. Mnzake wogula wa K45,000 wokhala zaka ziwiri ali ndi masiku 208, pafupifupi K220 pa tsiku. Wotchipa uja ndiye wodula kawiri. Vuto n'lakuti K45,000 yochotsa pakamodzi imapweteka mpamba. Apa pamathandiza banki m'khonde, kapena kugwirizana awiri oyandikana mabenchi n'kugula lona mmodzi wamkulu, bola agwirizane poyamba za amene azisunga ndi amene alipire akang'ambika. Wopita kukapikula ku Limbe afunse mitengo m'masitolo angapo tsiku lomwelo, asapangire ulendo wapadera, chifukwa thiransipoti yokwera ndi kutsika pa Thabwa ikhoza kudya zonse zimene wapulumutsa.

Lona wabwino womangidwa molakwika amathanso msanga. Cholakwa chachikulu ndi kumuyala mosapendeka. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Pa lona wa mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, mvula ya mamilimita 10 okha imasiya malita 120, kulemera koposa matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Madziwo akasonkhana pakati, china chiyenera kugonja, kaya ndi lona kaya ndi mtengo, ndipo pansi pake pali shuga ndi mchere. Mbali imodzi ikhale yokwera kuposa inzake, ndipo yotsikayo iloze kumene kulibe katundu wa mnzake. Mikangano yambiri ya pamsika nthawi ya dzinja imayambira pa madzi a lona.

Denga likhale pamwamba ndithu, loti munthu wamtali ataimirira asalikhudze ndi mutu, kuti mpweya wotentha uzituluka. Dzuwa lopweteka katundu kwambiri ndi la kumadzulo, lolowera cham'mbali kuyambira cha m'ma 2 koloko, pamene denga silithandizanso. Mkeka kapena thumba long'ambula lopachikidwa mbali ya kumadzulo limatseka mpata umenewu. Mbali zina zikhale zotsegula.

Pomanga, chingwe chouma chimakoka bowo la lona mpaka kuling'amba mphepo ikawomba. Malegeni odula ku chubu chakale amatamuka n'kubwerera, motero amateteza mabowo. Bowo likang'ambika lona sanathe: kamwala kosalala kakulungidwe pa ngodyapo, chingwe chimangidwe kuzungulira khosi lake, ndipo pamagwira kuposa kale. Zikhomo zikhomedwe mopendekera kutali ndi benchi, ndipo pa dothi la mchenga thumba lodzaza mchenga limagwira bwino kuposa chikhomo. Mitambo ikada ndipo fumbi layamba kuzungulira, kutsitsa lona kwa mphindi khumi n'kwabwino kuposa kumuthamangitsa m'munda mwa eni ake.

Msika ukatha, lona achotsedwe, asagone pa mitengo kudikira sabata yamawa. Ngati wanyowa ayanikidwe kaye, ndipo akulungidwe pa nsungwi m'malo momupinda m'mizere yomweyomweyo, poti m'mizeremo ndi mmene amayambira kuthetheka. Kunyumba apachikidwe kudenga, kutali ndi makoswe.