Usanaike kulira kwa mbalame m'nyimbo yako

Iwe amene uli ndi kompyuta ndi kachipinda kojambuliramo nyimbo, ndimamva zimene umachita. Umatsitsa kulira kwa mbalame pa intaneti, umakuika kumayambiriro, kenako ng'oma zimalowa, mbalame ija osamvekanso. Ndikakufunsa dzina lake, umangoseka. Pamenepo wangokongoletsa nyimbo, mbalameyo sinakuphunzitse kanthu.

Mverako za Olivier Messiaen, wopeka nyimbo wa ku France amene anamwalira mu 1992. Bambo ameneyu ankadzuka kusanache, n'kukaima kuthengo ndi pensulo ndi pepala, akulemba m'manotsi chilichonse chimene mbalame ikuyimba. Ngakhale ali mkaidi wa nkhondo ku Görlitz, mbalame sanaziiwale: nyimbo imene anaimba ndi akaidi anzake mu Januwale 1941 imayamba ndi clarinet ndi vayolini zikutsanzira mbalame ziwiri zam'mamawa. Pakati pa 1956 ndi 1958 analemba Catalogue d'oiseaux, nyimbo 13 za piyano, iliyonse ndi dzina la mbalame yake ndi dera limene imakhala.

Chimene ndikufuna ugwire ndi ichi. Messiaen anaona kuti mbalame imayimba mothamanga kwambiri, mawu ake ali pamwamba zedi, ndipo timipata ta pakati pa mawuwo n'tating'ono kuposa ta pa piyano. Mbalame zambiri zimatha kutulutsa mawu awiri nthawi imodzi, poti kholingo lake lili ndi mbali ziwiri. Chala cha munthu sichingafikepo. Tsono iye ankachepetsa liwiro, kutsitsa mawu ndi kutambasula timipata tija, koma kakweredwe ndi katsikidwe ka nyimbo ya mbalameyo n'kukasiya momwemo. Ntchito yeniyeni ili apa, ndipo ndi yotopetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sindikuletsa kujambula mawu enieni a mbalame. Einojuhani Rautavaara wa ku Finland anatero m'nyimbo yake ya Cantus Arcticus mu 1972, koma anapita yekha kukajambula m'madambo a kumpoto kwa dziko lake, ndipo zoimbira zonse zimapereka mpata kwa mbalamezo, ngati kuti ndizo zikutsogolera nyimbo. Ku Britain, mu 2019, bungwe loteteza mbalame la RSPB linatulutsa nyimbo ya mbalame zokhazokha, popanda munthu woyimba, ndipo inafika pa nambala 18 pa nyimbo zogulidwa kwambiri. Anthu ali nalo khutu, usawapeputse.

Nanga bwanji ukukatenga mbalame ya ku Ulaya pamene pumbwa akukudzutsa pa mtengo wa mango? Mvetsera njiwa, momwe imabwerezera kachidutswa komweko osaphonya nthawi: umenewo ndi mtima wa ng'oma. Palinso mbalame za m'zitsamba zimene yaimuna imayamba, yaikazi n'kulandira msanga, mpaka umaganiza kuti ikuyimba ndi imodzi. Kulandizana kumeneku timakudziwa kale pamtondo ndi pabwalo.

Sankha mbalame imodzi yokha. Uimvetsere mpaka uthe kuiyimba ndi likhweru, kenako uiyese pa gitala kapena kiyibodi. Ukafuna kuijambula, foni yako ikwanira, bola uphimbe maikolofoni ndi kansalu chifukwa cha mphepo, uiike pansi, iwe utalikireko. Upite cha m'ma 4 koloko m'mawa, chigayo chisanalire, akabaza a njinga zamoto asanatuluke, makamaka mvula yoyamba ikangogwa.