Diso latupa, koma matenda achokera kwina



Holide yapitayi ndili kwathu ku Domasi, msuweni wanga anabereka mwana wamwamuna. Tsiku lachitatu zikope za khandalo zinatupa, mafinya achikasu akutuluka. Ukapukuta, pakangotha kamphindi abweranso. Agogo anati, "Mufinyiremo mkaka wa m'mawere, atsegula yekha." Ena ankati ndi pinki ayi ija inavuta mu 2024. Ine ndinaumirira zakuchipatala, mpaka kundinena kuti sukulu yandilowa m'mutu.

Adokotala anati matendawo sanayambire m'diso. Anali mabakiteriya a chinzonono, Neisseria gonorrhoeae, omwe mwana amawatengera m'njira yobadwira. Amayi ambiri amakhala nawo osamva kalikonse. Kwa khanda amaonekera pakati pa masiku 2 ndi 5, ndipo m'masiku ochepa akhoza kuboola kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, mwana n'kuchita khungu moyo wonse. N'chifukwa chake anamwino amapaka tetracycline m'maso mwana akangobadwa. Koma akadwala kale, zopakazo sizikwanira, pamafunika jakisoni. Mayi ndi bambo nawonso amayenera kulandira mankhwala, ndipo kunena zoona, kuwauza alamu kunativuta kuposa kupeza ndalama ya kabaza.

Akuluakulunso zimatigwera. Amene amathira mkodzo m'diso lofiira akhoza kudzipatsira okha chinzonono chomwecho. Njira ina ndi ya magazi: chindoko, TB, kapena chithupsa cha m'chiwindi zimatha kutumiza tizilombo mpaka m'kati mwenimweni mwa diso, makamaka kwa odwala shuga ndi omwe chitetezo chawo chatsika. Timasamba kumaso pa udhu tsiku lililonse, ndipo ndi ukhondo wabwino, koma madziwo safika m'katimo. Ngakhale mankhwala odontheza ogula pagolosale safikamo.

Ndiye diso likamawawa m'kati, mukuona mwachimbuuzi, kuwala kukukupwetekani, makamaka thupi likutenthanso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Auzeni adokotala matenda ena onse omwe muli nawo, ngakhale ochititsa manyaziwo. Zikakula amatumiza ku Zomba Central Hospital, kapena ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queens, ku Blantyre.

Mwana uja, Alhamdulillah, akuona. Alamu anakalandira jakisoni wawo patatha sabata, koma mpaka pano tikakumana pamsika amangondipatsa salamu n'kudutsa.