FONI M'BANJA: KUKHULUPIRIRANA KAPENA KULONDANA?

Kuwerenga: Genesis 2:24-25, 1 Samueli 18:6-11, Mateyu 1:18-25

Phunziro lathu mwezi uno likukhudza kachinthu kakang'ono kamene timamanga pansonga ya chitenje, koma kamene kagwedeza mabanja ambiri. Kachinthuko ndi foni. Timalandirirapo ndalama, timamvera za maliro, timaitanira galimoto wodwala akafooka usiku. Koma foni yomweyo yasanduka bwalo la milandu pakati pa mwamuna ndi mkazi wake.

Kuno ku Mambwe nkhaniyi ili ndi pogwira. Amuna ambiri a ku Mfuwe, kwa Kakumbi ndi kwa Nsefu amagwira ntchito m'malo ogona alendo a ku South Luangwa. Misasa yam'tchire imatsegulidwa mvula ikatha, ndipo bambo akhoza kutha masabata osapondako kunyumba. Ena ali ku Chipata kapena ku Lusaka. Banja lotere limalumikizidwa ndi foni basi. Bambo akabwera, mayi aona foni yakhomedwa ndi nambala yachinsinsi. Mtima uyamba kugunda. Nayenso bambo afunsa kuti: "Anakuimbirani usiku uja ndani?"

1. Pachiyambi panalibe chobisa

Pa Genesis 2 tikuona mwamuna ndi mkazi amene analibe chophimbirana ndipo sankachita manyazi. Kubisala kunayamba tchimo litalowa, pa mutu 3. Choncho funso loyamba lisakhale la foni ya amuna anu. Likhale la foni yanu. Kodi muli uthenga umene mumafafaniza msanga bambo asanafike? Kodi pali dzina la mwamuna limene munalemba ngati la mkazi? Mayi wa Chigwirizano amene wavala bulauzi yoyera akhale woyeranso m'foni mwake.

Komabe tisiyanitse chinsinsi ndi chinyengo. Mnzanu akhoza kukuuzani za matenda ake pafoni. Mkulu wa mpingo amalandira nkhani za anthu zimene sayenera kuulula ngakhale kwa mkazi wake. Msungichuma wa gulu la chilimba sayenera kupereka nambala ya ndalama za gulu kwa wina aliyense. Kusunga zotere si chinyengo ayi, ndi kukhulupirika.

2. Kukayikira sikukhuta

Mfumu Sauli atamva akazi akutamanda Davide, anayamba kumuyang'ana ndi diso loipa kuyambira tsiku lomwelo. Davide sanamulakwire. Ankamuimbira zeze, koma Sauli anamuponyera mkondo. Pomaliza mfumu inasiya ntchito zaufumu n'kumathamangitsa munthu mmodzi m'mapiri.

Ndi mmene kufufuza foni kumachitira. Mukapeza kanthu, mtima umasweka. Mukapanda kupeza, mumati wafafaniza. Mawa mudzadzukanso pakati pa usiku kukapisa m'thumba la buluku. Mulibe tsiku limene mudzanena kuti tsopano ndakhutira.

Kumbukiraninso kuti foni imanena theka la nkhani. Nambala yachilendo ikhoza kukhala ya wogula thonje, ya mkulu wa kuntchito, ya munthu wosokera, kapena ya akuba aja amene amatumiza mauthenga kwa aliyense. Foni zambiri kwathu kuno timabwerekana, ndiponso timazisiya kwa eni sola kuti zilowe moto. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mawu amene mwalalata pamaso pa ana ndi anansi chifukwa cha uthenga umodzi ali ngati madzi otayika, saoleka.

3. Nanga ngati chifukwa chilipo?

Phunziro ili silikunena kuti mutseke maso. Chigololo chilipo, ndipo ndi tchimo limene limabweretsa misozi, umphawi ndi matenda m'nyumba. Yosefe anali ndi chifukwa chooneka ndi maso, pakuti Mariya anapezeka ndi pakati asanalowane. Koma taonani khalidwe lake. Sanafune kumuchititsa manyazi pagulu. Anayamba walingalira, ndipo m'kudekha kwakeko Mulungu anamuululira choonadi. Akanafulumira, akanataya dalitso lalikulu.

Ngati mtima wanu sukukhazikika, yesani njira izi:

(a) Yambani ndi pemphero. Uzani Mulungu mantha anu mosabisa.

(b) Lankhulani ndi amuna anu muli awiri, ana atagona, iwo asanalawe chakumwa ndipo inu mkwiyo utatsika. Nenani zimene mwaona, osati zimene mwamva kuchitsime. Munganene kuti: "Bambo, foni ikalira mumatuluka panja. Zimenezi zikundisowetsa mtendere."

(c) Zikakanika, itanani ankhoswe. Anaikidwira ntchito imeneyi. Pambuyo pake pitani kwa akulu a mpingo kapena abusa, monga mwa dongosolo la pa Mateyu 18:15-17. Mutu umodzi susenza denga.

(d) Ngati mukuopa za thanzi lanu, pemphani kuti mukayezetse magazi limodzi, kuchipatala chathu cha Kamoto kapena kukiliniki yapafupi. Akakana, pitani nokha. Foni singakuuzeni za m'magazi mwanu, ndipo ana anu akukufunani wamoyo.

Musaike nkhani za m'nyumba pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo musaimbire mkazi amene mukumuganizira kuti mumutukwane. Pangano munachita ndi amuna anu, ndipo ndi iwo oyenera kukuyankhani.

4. Pamene wolondedwa ndinu

Alipo amayi pakati pathu amene amalandidwa foni, amaletsedwa kuimbira abale awo, kapena amamenyedwa chifukwa cha kuitana kumene sanakuyankhe. Ichi si chikondi. Aefeso 5:25 amalamula mwamuna kukonda mkazi wake monga Khristu anakondera Mpingo, ndipo Khristu sazunza nkhosa zake. Lamulo la dziko lathu loletsa nkhanza za m'banja, la chaka cha 2011, limawerengera nsanje yopitirira imene imalanda munthu ufulu wake ngati nkhanza. Musavutike chamumtima. Uzani mayi busa kapena alangizi, ndipo moyo ukakhala pangozi pitani kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit.

Inu alangizi, phunzitsani atsikana athu zimenezi asanalowe m'banja. Mnyamata amene akufuna kuwerenga uthenga uliwonse pa nthawi ya chitomero sadzasintha chifukwa cha mphete.

5. Kumanganso chikhulupiriro

Kukhulupirirana kuli ngati nkhokwe, imadzala pang'onopang'ono. Gwirizanani nokha awiri za foni zanu: kodi mnzako angayankhe ikalira? Kodi ndalama zolowa pafoni mudziwitsana bwanji? Amene ali kutali aimbe pa nthawi imene analonjeza. Amene analakwapo asakwiye pofunsidwa, koma atsegule yekha zonse mwaufulu. Chimene mwaonetsedwa ndi mwini wake chimachiritsa mtima kuposa chimene mwachipeza mobera.

Mafunso okambirana

1. Kodi mwamuna ndi mkazi ayenera kudziwitsana nambala zotsegulira foni? Chifukwa chiyani?
2. Tikuphunzira chiyani pa kusiyana kwa Sauli ndi Yosefe?
3. Tingamuthandize bwanji mnzathu amene wapeza umboni weniweni wa chigololo, popanda kufalitsa nkhani yake?

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, Inu mumaona zobisika zonse. Yeretsani mitima yathu ndi ya amuna athu. Tichotsereni mantha, mutipatse nzeru polankhula ndi kulimba mtima pofuna thandizo. Sungani mabanja amene atalikirana chifukwa cha ntchito. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.