Kuphunzitsa za Zilonda za Kumapazi kwa Nkhuku

Pophunzitsa za matenda a nkhuku, ambiri a ife timayamba ndi chitopa nkutsirizanso ndi chitopa chomwecho. Komatu ilipo nthenda ina imene ana amaiona kawirikawiri kwao, makolo nangoti nkhuku yaponda minga. Nkhukuyo imatsimphina ndipo phazi limatupa. Pakapita masiku thadzi limaleka kuikira, tambala nayenso amalephera kukwera.

Nthendayi, imene pa Chingerezi amati bumblefoot, imayamba ndi kabala kakang'ono kunsi kwa phazi. Pakabalapo pamalowa tizilombo, makamaka totchedwa Staphylococcus aureus, timene timapezeka pakhungu ndi m'zinyalala za m'khola. Nkhuku zolemera thupi, monga za Mikolongwe, zimavulala msanga kuposa zamakolo chifukwa zimatera pansi mwamphamvu zikamatsika pa mitengo yogonapo.

Phunziroli silikoma pabolodi. Titengere ana kukhola, aliyense agwire nkhuku, aitembenuze phazi nayang'ane. Chimene akufunafuna ndi nkhanambo yakuda pakati pa phazi, pamalo otupa ndi otentha. Apa tiyenera kufatsa, pakuti ana adzafuna kufinya monga amachitira ndi chithupsa cha munthu. Mafinya a nkhuku sali amadzimadzi ayi. Amauma nakhala kachibulumwa kolimba mkati mwa phazi, ndipo kufinya kumangoizunza nkhukuyo.

Tisonyeze tokha kachiritsidwe kake, ana akupenya. Tiviike phazilo m'madzi ofunda othira mchere kwa mphindi 10 kapena 15, tsiku ndi tsiku, kufikira nkhanambo itafewa. Ikafewa tiichotse pang'onopang'ono pamodzi ndi kachibulumwa kaja, titsuke bala, tipake ayodini ndi kumanga ndi kansalu koyera. Nkhukuyo ikhale payokha pamalo ouma, ndipo kansaluko tizikasintha. Ngati kutupa kwakwera mwendo, lumo tilisiye, tiitane mlangizi wa ziweto. Tizilomboti timagwiranso anthu, motero mwana amene ali ndi bala kudzanja angoonerera, ndipo onse asambe m'manja ndi sopo asanabwerere m'kalasi.

Nthawi yotsalayo ipite ku khola lenilenilo, chifukwa gwero la vutoli lili momwemo. Ana ayese ndi rula kutalika kwa mitengo yogonapo. Isapitirire masentimita 45 kuchokera pansi, ndiponso ikhale yosalala. Atole misomali, zidutswa za waya ndi magalasi osweka. Achotse zitosi zonyowa zimene zimafewetsa khungu la phazi, makamaka m'nyengo ya dzinja, nathire utuchi kapena mankhusu a mpunga ouma. Nkhuku zotsekeredwa zimene zimangodya gaga yekha azipatsenso masamba obiriwira monga bonongwe, pakuti kusowa kwa vitamini A kumafooketsa khungu.

Ntchito ya kunyumba ikhale yakuti mwana aliyense akayang'ane mapazi a nkhuku zisanu za kwao madzulo zitalowa, nadzatiuze m'mawa mwake kuti zankhanambo zinali zingati ndiponso zimagona pati.