Mabuku Atatu, Lipoti Limodzi: Dziwani Database ya Malonda Anu

Kwa eni maloji, malo odyera, mashopu a zosemasema ndi onyamula alendo m'dera la bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone.

Vuto lili pati?

Alendo obwera kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya salipira mofanana. Wina amapereka ndalama pamanja, wina amatumiza pa Airtel Money kapena MTN MoMo, wina amalipira ndi khadi pamakina. Malonda a tsiku limodzi amalembedwa malo atatu, ndipo mwezi ukatha mumachezera kuwonkhetsa, masamu osagwirizana.

Chida chake n'chiyani?

Database ndi pulogalamu ya pakompyuta yosunga zolemba m'matebulo okhala ndi mizere ndi madanga. Mumaifunsa mafunso m'chinenero cha SQL, chomwe chinayambira ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1970. SQLite ndi LibreOffice Base ndi mapulogalamu aulere, ndipo laputopu wamba imakwanira.

Kagwiritsidwe ntchito kake

1. Konzani matebulo atatu: kaunta, foni ndi khadi.

2. Onse akhale ndi madanga ofanana: tsiku, risiti, katundu, mtengo, ndalama. M'danga lomalizali muzilembamo kwacha kapena dola.

3. Phatikizani mayankho a mafunso atatu motere:

SELECT tsiku, katundu, mtengo, ndalama FROM kaunta
UNION ALL
SELECT tsiku, katundu, mtengo, ndalama FROM foni
UNION ALL
SELECT tsiku, katundu, mtengo, ndalama FROM khadi;

Zili ngati kuthira chimanga cha m'minda itatu m'nkhokwe imodzi. Funso lililonse litchule madanga omwewo, motsatana chimodzimodzi.

4. Pa mndandanda umodziwu gwiritsani ntchito SUM kuwonkhetsa, ndi GROUP BY kugawa malonda potengera tsiku, katundu kapena mtundu wa ndalama.

Samalani ndi izi

Musaiwale ALL. Mukalemba UNION yokha, kompyuta imachotsa mizere yofanana n'kusiya umodzi. Tiyerekeze kuti alendo awiri agula njovu zosema tsiku limodzi, aliyense pa K350, wina pamanja, wina pafoni. Mizere iwiriyo ndi yofanana ndendende, choncho lipoti lionetsa njovu imodzi yokha. K350 yasowa papepala, ndipo mungayambe kukayikira wogulitsa wanu wosalakwa.

Musawonkhetse kwacha ndi dola pamodzi. Gawani kaye ndi GROUP BY, kapena sinthani madola potengera mtengo wake wa tsiku logulitsalo.

Malonda amodzi alembedwe kamodzi. Zolipiridwa pafoni zikalowanso m'tebulo la kaunta, UNION ALL iziwerenga kawiri. Nambala ya risiti ndiyo imaulula zobwerezazi.

Tsiku lizilembedwa mofanana paliponse, kuyambira chaka, mwezi, kenako tsiku, monga 2025-04-09.

Mupindula chiyani?

Mudziwa katundu amene amayenda malonda ndi amene amangogona pashelufu. Muona kusiyana kwa mwezi wa Epulo, pomwe madzi amakhala atadzaza pamathithi, ndi Novembala, pomwe amakhala atachepa kwambiri, ndipo muoda katundu molingana ndi nyengo. Amene munalembetsa msonkho wa VAT, womwe ndi 16 peresenti, mutha kuyerekeza lipoti lanu ndi marisiti a Smart Invoice, njira imene bungwe lotolera msonkho la ZRA linakhazikitsa mu 2024. Database yanu silowa m'malo mwa njirayi, imangokuthandizani kuona ngati zonse zikugwirizana.

Yambani bwanji?

Tengani malonda a mwezi umodzi wokha umene unatha kale. Alowetseni, phatikizani, kenako yerekezani ndi sitetimenti ya kubanki ndi ya pafoni. Zikagwirizana, onjezani miyezi ina. Phunzitsani anthu awiri pabizinesi yanu kuti ntchito isamaime wina akachoka, ndipo Loweruka lililonse koperani fayilo yonse pa flash, poti kompyuta imatha kufa kapena kubedwa.